BOTOLO LA ACHEMWALI ANGA

Kwathu kuno ku Rumphi, monganso m'madera onse a dziko lino, munthu akabwera kuchokera kuulendo ndipo abale ake n'kumlandira ndi mau akuti, "Koma ndiye mwanenepatu!" iye sakwiya ai. Amamwetulira, pakuti adziwa kuti amyamikira. Mauwo atanthauza kuti kumene anali sanagone ndi njala, ntchito ikumyendera bwino, ndipo matenda amlambalala. Ine ndinakula ndikumva mau amenewa ngati dalitso, chifukwa ubwana wanga unagwa m'zaka zimene kuonda kunali chinthu choopsa pamudzi. Munthu akayamba kutha thupi anthu ankanong'onezana za kaliwondewonde, ndipo ambiri mwa amene tinawaona akuonda chotero tinawaperekeza kumanda mankhwala otalikitsa moyo asanayambe kuperekedwa mwaulere m'chaka cha 2004. Ndikumbukiranso njala ya 2002, pamene abambo ena ankaboola mabowo atsopano pa malamba ao kuti buluku lisagwe. Kodi ndani akadaganiza nthawi imeneyo kuti popita zaka 20 zokha, mwana wa m'mudzi womwewo adzatulutsa ndalama m'thumba mwake kuti akagule kuonda?

Komatu zachitika, ndipo zachitika m'banja mwathu mwenimweni. Achemwali anga, amene ndinapondana nao, ndi mphunzitsi pa sukulu ina ya pulaimale cha ku Bolero. Atabereka mwana wao wachitatu thupi linabwera, ndipo silinafune kubwerera. Tsiku lina paukwati wa msuweni wathu, iwo akutsika pa njinga yamoto ya kabaza, ine ndinafuula anthu onse akumva kuti, "Achemwali, kodi njinga imeneyi yakwera nanu bwanji chitunda chija?" Anthu anaseka, iwonso anaseka, ndipo ine ndinaiwala za nkhaniyi nsima isanafike n'komwe.

Nditakumana naonso nyengo ya Pasaka ndinaona kuti nkhope yao yachepa. Ndinawayamikira kwambiri, ndipo anandiuza monyadira kuti ataya makilogalamu 4 m'masabata awiri okha. Chinsinsi chake chinali tiyi wina wake womwa usiku ndi makapisozi omwa m'mawa, zimene ankagula kwa mai wina amene amaitanitsa katundu pa mabasi ochokera ku Johannesburg ndi kumatsatsa pa WhatsApp. Mtengo wa mwezi umodzi unkadya gawo lalikulu la malipiro ao. Ndiyenera kuulula pano kuti sindinawachenjeze ngakhale pang'ono. M'malo mwake ndinayang'ana mimba yanga, imene inali itayamba kale kukangana ndi mabatani a mkanjo, n'kunena kuti, "Mukadzaitanitsanso mudzandikumbukire."

Sanathe masabata atatu alamu anga anandiimbira lamya kuti achemwali agwa m'kalasi ana akuona. Ndinakawapeza m'chipatala atalumikizidwa botolo la madzi pamkono, milomo itauma, mtima ukugunda ngati ng'oma ya vimbuza. Dotolo anati thupi lao linali litatha madzi, ndiponso kuti magazi ao anali kuthamanga kwambiri, vuto limene mwina anali nalo kuyambira kale osadziwa. Anafunsa ngati pali mankhwala amene akumwa. Alamu anga anati palibe. Apo achemwali analoza kachikwama kao, ndipo munatuluka paketi ya tiyi ndi botolo loyera lokhala ndi chithunzi cha mkazi wa chiuno ngati cha mavu. Pabotolopo panalembedwa m'Chingerezi kuti zonse za m'katimo n'zachilengedwe, koma panalibe dzina la fakitale kapena keyala ya amene anapanga.

Titatsala awiri ndinawafunsa chifukwa chimene anabisira amuna ao. "Abambo," anatero, pakuti chidzozedwere changa amanditchula chotero ngakhale kuti anandiberekapo kumsana, "inu munaseka tsiku limodzi, koma ine kuseka kuja ndinapita nako kunyumba. Ndinagona nako, ndinadzuka nako, ndinkalowa nako m'kalasi. Alamu anuwanso ali ndi nthabwala zao za mtundu womwewo. Ndikanauza yani?" Ndinasowa choyankha. Akulu anati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo udzaupeza. Ine mlomo wanga ndinaupeza pa bedi la m'chipatala.

Kuyambira tsiku limenelo ndakhala ndikufunsa kwa odziwa zachipatala ndi kuwerenga zimene ndikanatha kupeza, pofuna kudziwa ngati mankhwala ochepetsa thupi amagwiradi ntchito, ndiponso ngati munthu angathe kumwa popanda kudzivulaza. Zimene ndinapeza ndifuna ndikugawireniko, owerenga okondedwa, chifukwa ndidziwa kuti mabotolo otere sali m'chikwama cha achemwali anga okha.

Tiyambe ndi tiyi uja. Pa paketi yake panalembedwa kuti muli masamba a senna, amene achipatala amawadziwa bwino ngati mankhwala otsekula m'mimba munthu akadzimbidwa. Tsono taonani chinyengo chake. Zabwino za chakudya chimene tadya, monga mafuta ndi shuga, thupi limazitenga m'matumbo aang'ono. Senna amakagwira ntchito kumunsi, m'matumbo aakulu, kumene chakudya chimafika zabwinozo zitatengedwa kale. Motero chimene munthu amataya pothamangira kuchimbudzi usiku wonse si mafuta ai, koma madzi. Lita imodzi ya madzi imalemera kilogalamu imodzi, n'chifukwa chake sikelo imatsika msanga ndipo wogula amakondwa. Akangomwa madzi ndi kudya bwino masiku ochepa, sikelo imabwerera pomwe inali. Makilogalamu 4 a achemwali anga anabwerera onse sabata isanathe. Choopsa n'chakuti pamodzi ndi madziwo mumatulukanso mchere wa m'thupi wotchedwa potaziyamu, umene mtima umadalira kuti ugunde molongosoka. Ndipo matumbo akazolowera kukankhidwa tsiku ndi tsiku amayamba ulesi, kotero kuti munthu amavutika kuchita chimbudzi popanda tiyiyo.

Za makapisozi, dotolo uja anatiuza kuti vuto la mabotolo otere ndi lakuti zolembedwa kunja si umboni wa zimene zili m'kati. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Pali mankhwala ena otchedwa sibutramine, amene kale madotolo ankalembera anthu onenepa kuti achepetse chilakolako cha chakudya. M'chaka cha 2010 maiko a ku Ulaya ndi America anawachotsa pamsika, kafukufuku wa anthu pafupifupi 10,000 amene anali kale pachiopsezo cha matenda a mtima ataonetsa kuti omwa mankhwalawa anali kudwala mtima ndi kufa ziwalo mochulukirapo kuposa anzao. Koma mankhwala oletsedwawo sanafe, anangosintha malaya. Pakati pa 2007 ndi 2016 bungwe la FDA, limene limayang'anira zakudya ndi mankhwala ku America, linapeza mitundu 317 ya zochepetsa thupi zogulitsidwa ngati zakudya zoonjezera koma muli mankhwala obisika, ndipo 269 mwa mitunduyi munali sibutramine. Ngati zotere zichitika m'dziko limene lili ndi makina ambiri opimira, nanga kuli bwanji botolo limene ladutsa m'malire a maiko angapo lili pansi pa mpando wa basi?

Wina angathe kunena kuti, "Ine zanga n'zitsamba zenizeni, zopanda mankhwala a Azungu." Ife anthu akuno timakhulupirira zitsamba, ndipo m'pake, pakuti zina zinathandizadi makolo athu. Komabe tisaiwale kuti mwabvi ndi mtengo wachilengedwe, mkondo wa alenje ankaupaka ulembe wochokera kutchire komweko, ndipo fodya amene timalima ku Hewe ndi ku Henga ndi tsamba lobiriwira bwino lomwe. Kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1990, mumzinda wa Brussels m'dziko la Belgium, amai ambiri ankapita ku chipatala china chochepetsa thupi kumene ankapatsidwa mapiritsi a zitsamba za ku China. Mwangozi, chitsamba china chinalowetsedwa m'malo mwa chinzake chofanana nacho dzina. Cholowacho, chotchedwa Aristolochia, chinaononga impso za amai opitirira 100. Ambiri anafunika kumatsukidwa magazi ndi makina kapena kuikidwa impso ina, ndipo ena anadzapezekanso ndi khansa ya m'njira ya mkodzo. Iwowa anali ku Ulaya, kumene makinawo ali pafupi. Mai wa ku Mhuju kapena ku Mlowe impso zikamthera, adzathamangira kuti?

Nkhani imene inandiphunzitsa kwambiri ndi ya mu Afrika mommuno. M'chipululu cha Kalahari muli chomera chaminga chotchedwa hoodia, chimene anthu a mtundu wa San ankatafuna pa maulendo aatali a uzimba kuti asamve njala ndi ludzu. M'zaka za m'ma 1990 bungwe lofufuzafufuza la boma la South Africa, la CSIR, linatenga chiphaso cha umwini pa mankhwala ochokera m'chomeracho, ndipo dziko lonse linagwedezeka poganiza kuti mankhwala a kunenepa apezeka. Kampani yaikulu ya Pfizer inayesa kuwakonza, koma inasiya mu 2003. Ya Unilever inatenga ntchitoyo, nayonso inasiya mu 2008. Zotsatira za kafukufuku wake zinasindikizidwa mu 2011. Amai onenepa 49 anagawidwa pawiri kwa masiku 15: ena ankamwa hoodia, ena ankamwa chakumwa chofanana nacho koma chopanda mankhwala. Pamapeto pake magulu awiriwo sanasiyane kwenikweni pa kadyedwe ngakhale pa sikelo. Anasiyana pa chinthu chimodzi: omwa hoodia ankachita mseru ndi kusanza, magazi ao anathamanga, mtima unagunda mofulumira. Taganizani, abale anga: makampani a chuma chosaneneka, okhala ndi akatswiri mazanamazana, anafunitsitsa kuti chomerachi chigwire ntchito chifukwa akanapindula nacho koposa, koma anagwetsa manja. Kodi chimene chinawakanika iwo n'chimene chatheka kwa munthu wosadziwika amene sanalembe ndi dzina lomwe pabotolo lake?

Sindikunena kuti mankhwala ochepetsa thupi ogwira ntchito kulibe. Alipo, ndipo kunena zoona kumafuna kuti ndiwatchule. Pali orlistat, amene amatchinga pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a mafuta a m'chakudya kuti asalowe m'thupi. Womwa chaka chathunthu, uku akusamalanso kadyedwe, amataya makilogalamu pafupifupi 3 kuposa amene sakumwa, ndipo mafuta otchingidwawo amatuluka m'njira yochititsa manyazi. Pali jekeseni ya semaglutide, yobaya kamodzi pa sabata, imene inayamba ngati mankhwala a matenda a shuga. Pa kafukufuku wofalitsidwa mu 2021, anthu obayidwa kwa masabata 68 anataya pafupifupi makilogalamu 15 pa 100 alionse a thupi lao. Izi n'zoona ndipo n'zazikulu. Koma ambiri amavutika ndi mseru, mtengo wake ndi wosafikirika kwa mphunzitsi kapena mlimi, ndipo amene anasiya kubayitsa, popita chaka chimodzi magawo awiri mwa atatu a thupi lotayika lija anali atabwerera. Ndipo pamene pali nyama mphamba sasowa: mu June 2024 bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO linachenjeza kuti jekeseni zachinyengo za mtundu umenewu zinapezeka ku Brazil, ku United Kingdom ndi ku America.

Phunziro lake ndi ili: mankhwala amene ali ndi mphamvu yokwanira kusintha thupi la munthu ali ndi mphamvunso yokwanira kulivulaza, n'chifukwa chake amafuna dotolo wopima magazi, mtima ndi impso. Amene akugulitsidwa popanda dotolo ndi lonjezo lakuti alibe vuto lililonse, mwina alibe mphamvu, ndiye kuti mwataya ndalama. Mwina ali ndi mphamvu yobisika, ndiye kuti mukutchova njuga ndi moyo. M'dziko muno tili ndi bungwe la Pharmacy and Medicines Regulatory Authority, lokhazikitsidwa ndi lamulo la 2019, limene limalembetsa mankhwala ndi kupereka ziphaso kwa ogulitsa. Musanameze kanthu, katengereni kwa wachipatala kapena ku sitolo ya mankhwala yokhala ndi chiphaso, mukafunse. Makamaka inu amene muli ndi pakati, amene mukuyamwitsa, ndi inu amene mumamwa tsiku ndi tsiku mankhwala a shuga, a kuthamanga kwa magazi kapena ma ARV, musayerekeze kusakaniza. Safunsa anadya phula.

Tsono tisathawire mbali inayo n'kumati kunenepa kulibe kanthu. Achemwali anga analakwitsa njira, koma nkhawa yao inali ndi maziko. Kafukufuku wa zaumoyo wa dziko lonse wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti amai 21 mwa 100 alionse a zaka 15 mpaka 49 anali olemera kupitirira muyeso, pamene ana 37 mwa 100 alionse osafika zaka 5 anali opinimbira. Njala ndi kunenepa zikudyera mbale imodzi m'dziko lathu, nthawi zina m'nyumba imodzi. Kwa anansi athu a ku Chilumba m'boma la Karonga, akatswiri a bungwe la MEIRU anapima anthu akumudzi pakati pa 2013 ndi 2016, napeza kuti amai 27 mwa 100 alionse ndi abambo 9 mwa 100 alionse anali olemera kupitirira muyeso. Mumzinda wa Lilongwe amai otere anali 44 mwa 100. Ambiri mwa opezeka ndi shuga kapena kuthamanga kwa magazi sankadziwa n'komwe kuti akudwala. Matenda amene tinkati ndi a mabwana afika pamudzi.

Chifukwa chake sichisowa kuchifuna kutali. Ine ndimachiona pathupi langa lomwe. Agogo athu ankatsika ndi kukwera phiri la Khondowe wapansi, kuchokera ku Livingstonia kukafika kunyanja ku Chitimba, katundu ali pamutu. Ife lero ulendo wochokera pamsika wa Rumphi kukafika kuseri kwa boma timaitana kabaza. Iwo ankadya mgaiwa ndi nyemba, nkhwani ndi usipa. Ife tikufuna ufa woyera, ndiwo zosambira m'mafuta, tchipisi pamsewu, tiyi wa masupuni anai a shuga. Botolo limodzi laling'ono la zoziziritsa kukhosi lili ndi shuga wokwana masupuni a tiyi 7 kapena 8. Ine ndikapita kukachezera Akristu kumidzi, pakhomo lililonse nkhuku imafa, mpunga umadzaza mbale, botolo limatsekulidwa, ndipo kukana kumaoneka ngati kunyoza. Ansembe akale ankafika kumalo amenewo atapalasa njinga tsiku lonse, kotero nkhuku ija ankaiyenera. Ine ndimafika pa galimoto, thukuta osatuluka. Thupi limene labwera pang'onopang'ono chotere kwa zaka zisanu ndi ziwiri, lingachoke bwanji ndi tiyi wa masabata awiri?

Njira imene yatsimikizika ndi yosasangalatsa kuimva, chifukwa ilibe chinsinsi ndipo palibe amene angaigulitse. Ku America, pa kafukufuku wina wofalitsidwa mu 2002, anthu opitirira 3,000 amene anali pafupi kudwala shuga anagawidwa m'magulu. Gulu lina linathandizidwa kusintha kadyedwe, kuyenda ndawala mphindi 150 pa sabata, ndi kuyesetsa kutaya makilogalamu 7 okha pa 100 alionse a thupi lao. M'gulu limeneli odwala shuga anachepa ndi 58 pa 100, kuposa gulu lopatsidwa mapiritsi a metformin, m'mene anachepa ndi 31 pa 100. Onani kuti sanafunike chiuno cha mavu. Munthu wa makilogalamu 90 akataya 5 kapena 6 n'kukhala pomwepo, mtima wake ndi magazi ake zimapepukidwa kale, ngakhale anansi asaone kusintha.

Achemwali atatuluka m'chipatala tinapangana, iwo, alamu anga ndi ine. Iwo anayamba kumwa mankhwala a kuthamanga kwa magazi amene dotolo anawalembera, ndi kumakapimitsa mwezi ndi mwezi. Kabaza anamsiya, amapita kusukulu wapansi, mphindi 30 kupita, 30 kubwera. Mitanda ya nsima inachoka pa itatu kufika pa iwiri, masamba anachuluka m'mbale, mchere ndi mafuta zinachepa, ndipo banja lonse likudya chimodzimodzi kuti iwo asaoneke ngati wolangidwa. Ine ndinaphunzira kuimika galimoto patali ndi kutsiriza ulendo ndi miyendo, ndiponso kupempha amai a kumidzi mwaulemu kuti andiphikire nyemba ndi chigwada, nkhukuyo aisungire ana. Poyamba anadandaula, koma tsopano amaseka n'kumati Abambo akuopa mabatani. Papita miyezi khumi. Achemwali ataya makilogalamu 6, ine 4. Akadali mai wathupi, monga analili amai athu otibereka, ndipo adzakhala wotero. Koma magazi ao akuyenda bwino ndipo sapumanso wefuwefu pachitunda. Pang'onopang'ono ndi mtolo.

Chotsala n'chimene chili chovuta kuposa kuchepetsa nsima, ndicho kugwira lilime. Wogulitsa uja sanalenge msika wake yekha. Tinamkonzera ndife, amuna, alongo, apongozi ndi anzao a kuntchito, amene timayesa thupi la mnzathu ngati bwalo la nthabwala. Dzulo tinkanyoza woonda kuti ali ndi kachilombo, mpaka ena ankafunafuna mapiritsi onenepetsa kuti anthu asawaloze chala. Lero tikunyoza wonenepa mpaka akumwa zotsekula m'mimba mobisa. Munthu wamanyazi safunsa, amagula mumdima ndi kumwa mumdima. Inu abambo, ngati thupi la akazi anu likukudetsani nkhawa chifukwa cha moyo wao, aperekezeni kokapimitsa magazi, inunso mukapimitse, ndipo madzulo muziyenda nao limodzi. Ngati chikukuvutani ndi maonekedwe okha, kumbukirani kuti thupi limenelo ndi limene linanyamula ana anu. Ndipo wina akayamba kuonda popanda chifukwa chodziwika, tisamuombere m'manja monga ndinachitira ine pa Pasaka paja; timlimbikitse akaonane ndi dotolo, pakuti shuga, chifuwa chachikulu ndi matenda ena amayamba motero.

Botolo loyera lija achemwali sanalitaye. Anakhuthulira makapisozi m'chimbudzi, nalitsuka bwinobwino, ndipo tsopano amasungiramo mbewu za mpiru zodzafesa kudimba. Ine ndinawapepesa pamaso pa alamu anga ndi ana, pakuti ndinawalakwira pagulu. Masiku ano ndikafika pakhomo pao sindinenanso kuti mwanenepa kapena mwaonda. Ndimangofunsa kuti, "Achemwali, mwadzuka bwanji?" ndipo ndimakhala pansi kudikira yankho.